Melisa Wachisanu ndi Chiwiri

Maso a Mayi Zipi analibe vuto lililonse. Tinene zimenezi poyambirira, chifukwa mayi ameneyu ankatha kulowetsa ulusi wakuda pa singano ya makina ali chiimire, kwinaku akukalipira kasitomala amene wabweretsa buluku losachapa. Dzina la Zipi anawapatsa ndi anthu a mumsewu umene munali shopu yawo, poti panalibe zipi yoguluka mano imene inkawakanika. Komabe kwa masabata awiri athunthu iwo ankafinya maso n'kumaphonya dala kabowo ka singano, mpaka amuna awo, amene anapuma ntchito yoyendetsa basi ndipo ankasowa chochita, anayamba kubwera kushopu kudzawalowetsera ulusi ndi zala zawo zonenepazo.

Cholinga chinali kupeza chifukwa chopitira kokayezetsa maso. Chimene sanachiganizire n'chakuti tsikulo likadzafika, bamboyo adzavala jekete n'kuima pakhomo.

"Abambo, ndi pafupi pompa. Ndipita ndekha."

"Kumene kuja amathira mankhwala m'maso, munthu n'kutuluka akuona zinthu ziwiriziwiri. Mukufuna mukagundidwe ndi njinga? Tiyeni."

Choncho Lachinayi m'mawa anapezeka atakhala moyandikana pa mipando ya pulasitiki, m'chipinda chodikirira cha shopu yoyeza maso. Pakhoma panali mafelemu a magalasi mizeremizere, ndipo fani ya kudenga inkazungulira ikulira ngati ikudandaula. Bamboyo anatenga felemu ina n'kuiyesa, kenako anafunsa ngati sakuoneka ngati mphunzitsi wamkulu. Mayi Zipi anaseka ndi mano okha.

Nkhani yake inali iyi. Ali ndi zaka 17, asanadziwane n'komwe ndi woyendetsa basiyu, Mayi Zipi anabereka mwana wamkazi. Mwini mimba anali atathawa kalekale. Azakhali awo, amene ankawasunga ndi kuwaphunzitsa, anakonza zonse mwakachetechete: mwana atsale kuchipatala, a ofesi yoona za ana amupezere banja, mtsikana abwerere kusukulu ngati anangodwala. Khandalo analigwira masiku awiri okha. Tsiku lachitatu m'mawa kunabwera mzamba wina wojintcha, wa mpata m'mano, atanyamula fomu.

"Dzina uli nalo?"

Analibe. Ndani amakonzera dzina mwana amene wauzidwa kuti asamuyang'anitsitse? Mzambayo anakhala m'mphepete mwa bedi n'kutsitsa mawu.

"Ndikupatsa dzina limene kuno kulibe mwana wina ali nalo. Ndi lachigiriki, lakalekale. Melisa. Ndilemba pa fomupa kuti asalisinthe. Tsiku limene udzamufune sudzavutika, udzangofunsa dzinali."

Atamva zimenezo manja awo anamasuka, mzamba n'kunyamula mwana.

Sukuluyo sanaimalize n'komwe. Anaphunzira kusoka, anakwatiwa, anabereka anyamata awiri amene tsopano anali ndi ndevu zawo. Azakhali anapita nacho kumanda chinsinsicho. Amuna awo anali munthu wabwino, wanthabwala, wosabisa kanthu, mtundu wa anthu amene amakufotokozera ngakhale maloto awo opanda mutu, ndipo ubwino umenewo ndi umene unkawatseka pakamwa Mayi Zipi. Chaka choyamba anati ndidzanena chaka chamawa. Zaka zitaunjikana, choti aulule sichinalinso mwana yekha ayi, koma zaka zonse zimene anakhala chete akugona bedi limodzi ndi munthu.

Ku ofesi ija anapitako kamodzi, ndipo anauzidwa mwaulemu kuti fayilo yotero satsegulira kholo limene linasaina. Anatsala ndi dzina lokha. Tanthauzo lake analipeza m'kabuku ka mayina, pa tebulo la munthu wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu: njuchi. Kabukuko sanagule, koma anaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mwini tebulo anawafunsa ngati akufuna mpando.

Tsoka lake, dzina limene kunalibe mwana wina anali nalo linali ponseponse. Ankalimva pa wailesi anthu akamapereka moni wa tsiku lobadwa. Ankalisokerera pa mayunifomu a ana asukulu, nthawi zina katatu pa mulu umodzi. Ana aang'onowo sankawawerengera. Ankasaka a msinkhu woyenera okha, ndipo anali atapezapo asanu ndi mmodzi. Woyamba ankagulitsa nsapato, ndipo anamugula nsapato zothina zimene mpaka lero zili pansi pa bedi. Wachiwiri ankaluka tsitsi, ndipo anawakoka mutu moti anagona chafufumimba masiku atatu. Wina anali wapolisi wapamsewu, amene sanasangalale n'komwe kufunsidwa zaka zake. Aliyense ankamuzungulira ndi macheza mpaka atchule tsiku lobadwa, ndipo panalibe wa pa 9 Juni, tsiku limene mwana wawo anabadwa.

Walero anali wachisanu ndi chiwiri. Dzina lake analipeza pa kakhadi kamene kasitomala anaiwala m'thumba la buluku. Loweruka lina anakaima tsidya la msewu n'kumuona akutsegula shopu yoyeza maso yomweyi: wamtali, woyenda mofulumira, mutu uli patsogolo ngati wachedwa kwinakwake. Ndi mmene ankayendera azakhali.

Chitseko chamkati chinatseguka, mtsikana uja n'kusuzumira.

"Mayi otsatira."

Pa gauni yake yoyera panali baji, ndipo Mayi Zipi, amene ankati saona, anawerenga zilembo zonse ali pampando. Bamboyo anadzuka nawo limodzi atanyamula chikwama cha akazi awo.

"Bambo, inu mutsale kuno," anatero mtsikanayo. "Mkatimu ndi mopanikiza, komanso amuna mumakonda kunong'oneza mayankho."

"Mwandigwira," anayankha bamboyo akuseka, n'kukhalanso pansi chikwama chili pamiyendo.

Chipinda choyezera chinali chachitali koma chopapatiza, chopanda zenera. Munali mpando waukulu wachikopa, tebulo lokhala ndi bokosi la mandala oyalidwa m'timizere, ndipo kumapeto kwenikweni kunali tchati cha zilembo chowala. Chitseko chinali cha thabwa lopyapyala. Mayi Zipi ankamva bwinobwino amuna awo atayamba kale kufotokozera munthu wina za mabuleki a basi zakale.

"Vuto ndi chiyani, mayi?"

"Sindikuona kabowo ka singano, adokotala."

"Si ine dokotala, ndimangoyeza. Zinayamba liti?"

"Masabata awiri apitawo."

"Mwadzidzidzi? Mutu umapweteka?"

"Pang'ono."

Mtsikanayo analemba, kenako anawaveka felemu yolemera yachitsulo n'kulowetsamo mandala. Zala zake zinakhudza m'mbali mwa makutu awo, ndipo Mayi Zipi anagwira mpando mwamphamvu. Anali atakonzekera kunyumba: awerenge mizere iwiri yapamwamba, akafika wachitatu akanike.

"Mzere wachitatu?"

"Zikuoneka ngati nyerere."

Mtsikanayo anasintha mandala. "Apa bwanji?"

"Chimodzimodzi."

Anasinthanso, kawiri, katatu, koma nyerere zinakana kuchoka. Mtsikanayo anapukusa mutu, n'kuyenda mpaka kumapeto kwa chipinda kuti aloze chilembo chimodzichimodzi ndi cholembera. Atakweza dzanja, gauni inatambasuka. Apa ndi pamene ntchito ya munthu imamupereka. Zaka zoposa makumi awiri za kusoka zinalankhula Mayi Zipi asanaziletse.

"Amene anakusokerani thumbalo anaika ulusi wa kirimu pa nsalu yoyera. Ndiponso wadumpha katatu pakonapo."

Mtsikanayo anayang'ana thumba lake. Kenako anayang'ana mtunda umene unali pakati pa iye ndi mpando, n'kuyang'ananso chilembo chimene ankaloza, chachikulu ngati chala chamanthu. Mayi Zipi anafuna nthaka itseguke.

Mtsikanayo anabwerera pang'onopang'ono, n'kutenga katochi. Anakankhira felemu ija pamphumi pawo, anawerama, nkhope yake n'kufika pafupi kwambiri moti mpweya wake unkawagunda patsaya.

"Musayang'ane kuwalaku. Yang'anani khutu langa."

Anayang'ana khutulo. Linali laling'ono, loboola kawiri, lopanda ndolo. Anayesa kukumbukira khutu la khanda lija, ndipo anachita mantha pozindikira kuti sakulikumbukira. Ankakumbukira kulemera kwake pamkono ndi fungo la pamutu, koma zimenezo sungazifananitse ndi munthu wamkulu wovala baji. Nthawi inali kutha. Kuyeza kukangotha, ankayenera kutuluka ndi kukakhala pafupi ndi amuna awo osadziwa kanthu.

"Dzina lanu ndi lokongola," anatero Mayi Zipi. "Anakupatsani ndani?"

Katochi kanazima. Mtsikanayo sanasunthe. Analankhula motsitsa kwambiri, pakamwa pali pafupi ndi khutu lawo.

"Mayi, maso anu ndi abwino kuposa anga. Munabereka mwezi uti?"

"Ndili ndi anyamata awiri."

"Sindikufunsa za anyamata." Anaponya diso kuchitseko, kumene nkhani ya mabuleki inali itafika pa phiri linalake lotsetsereka. "Bambo aja sakudziwa, eti?"

Mayi Zipi anapukusa mutu.

"Ndinu achitatu kukhala pampando umenewu pa chifukwa chomwechi. Woyamba analira asanawerenge mzere woyamba. Wachiwiri anabwera kanayi asanalimbe mtima. Nenani, sindikuuzani mawu oipa."

"Juni. Pa 9." Anatchulanso chaka ndi chipatala. Aka kanali koyamba mawu amenewa kutuluka pakamwa pawo osawakuta ndi macheza, ndipo anawamva ngati alankhula ndi munthu wina.

Mtsikanayo anaweramuka. "Chipatala ndi chomwecho. Koma ine ndi wa Novembala, chaka chotsatira. Si ine, mayi. Pepani."

Ululu umenewu ankaudziwa, unali utabwera kale kasanu ndi kamodzi, koma sunazolowereke. Lero unali woposa, chifukwa anali atadziulula pachabe kwa mwana wa eni. Anayamba kudzuka.

"Khalani kaye. Mzamba wake anali wa mpata m'mano?"

Mayi Zipi anakhalanso pansi.

Nthawi yomweyo amuna awo anagogoda pachitseko. "Zili bwino mkatimo? Kapena ndilowe ndidzathandize kuwerenga?"

"Tathira mankhwala, bambo, tikudikira agwire ntchito," anayankha mtsikanayo mosadodoma ngakhale pang'ono. Anadikira mpaka mpando wapulasitiki unalira kunjako, kenako anakoka kasitulu n'kukhala moyang'anizana nawo, mawondo akugundana.

"Tilipo khumi ndi anayi amene tinapezana. Zinayamba ndi awiri amene anakumana kukoleji: dzina limodzi, chipatala chimodzi, onse oleredwa ndi makolo osawabereka. Poyamba anaseka, kenako anasiya kuseka n'kuyamba kufufuza. Mzamba uja anagwira ntchito m'wodi imene ija zaka zambiri, ndipo mwana wamkazi aliyense wosiyidwa ankamupatsa dzina lomweli. Aamuna sindikudziwa ankawatchula chiyani."

"Aliyense?"

"Aliyense. Mmodzi wa ife anakawapeza atakalamba, asanamwalire. Anati analiwerenga m'buku. Mukudziwa kuti limatanthauza njuchi?"

"Ndikudziwa."

"Koma pali nthano yake. Akuti kalekale kwa Agiriki, mayi wina anabisa khanda lake kuphanga poopa bambo ake a mwanayo. Amene analisamala kumeneko, n'kumalidyetsa uchi, anali Melisa. Ndiye gogoyo anaganiza kuti mwana wosiyidwa akatenga dzina limeneli, lidzamuitanira womulera. Zomveka kapena zosamveka, ndi mmene ankaganizira. Mabanja amene anatitenga analisunga, oyandikana nawo analikonda, n'kumapatsa ana awo. Ena amalitenga m'mabuku ndi pa kanema, koma ambiri m'tauni muno anatengera kwa ife osadziwa."

"Anandiuza kuti kulibe wina," anatero Mayi Zipi. "Anakhala pabedi langa n'kundiuza kuti kulibe wina."

"Onse ankawauza choncho. Mnzathu uja anawafunsa chifukwa chake. Anati popanda mawu amenewo manja a mtsikana sankamasuka, ndipo iwo sankafuna kulanda mwana mochita kukoka."

Mayi Zipi anakwiya. Unali mkwiyo wopanda kopita, chifukwa munthu wakufa sungamupitire kunyumba kukamukalipira. Zaka 26 anasunga mawu aja ngati mphatso imene anapatsidwa iwo okha, pamene anali mawu a ntchito, onenedwa bedi ndi bedi monga amanenera kuti pumani mwamphamvu. Ndipo chowawa kwambiri chinali chakuti anagwiradi ntchito. Kenako anafunsa chimene anabwerera.

"Wa pa 9 Juni alipo?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Tili ndi lamulo. Sindingakupatseni nambala, kapena chithunzi, kapena kukuuzani kumene munthu amakhala. Ndingathe kungofunsa mwini wake."

"Ndiye kuti alipo."

"Ndati ndingathe kufunsa."

Anatulutsa foni n'kuyamba kulemba ndi zala ziwiri, ataitembenuza kuti isaoneke. Mayi Zipi ankamva kagogodo kakang'ono ka zikhadabo pagalasi. Alipo. Ali moyo, ali ndi foni, amadziwa kuwerenga, ali ndi anzake khumi ndi atatu. M'mphindi imodzi anadziwa zambiri za mwana wawo kuposa zimene anadziwa moyo wawo wonse, ndipo zinawachititsa chizungulire.

Kunja, belu la chitseko cha kumsewu linalira, kasitomala wina walowa. Anamva amuna awo akumuuza kuti adikire pang'ono, muli amayi akunyumba, maso awo avuta kwambiri masiku ano.

"Wauona uthengawo," anatero mtsikanayo. Patapita kanthawi anawonjezera, "Akulemba." Kenako anayang'anitsitsa foniyo. "Wasiya."

"Wasiya bwanji?"

"Dikirani. Wayambanso."

Foni inanjenjemera. Mtsikanayo anawerenga, n'kukweza maso. "Akufunsa ngati mukudwala."

"Ayi. Bwanji?"

"Ena amakumbuka ana awo dokotala akawauza kuti pakufunika impso."

"Sindikudwala. Sindikufuna kalikonse kwa iye. Ndikungofuna..." Sanamalize, chifukwa chimene ankafuna chinalibe mawu okwana mu uthenga wa pa foni.

Yankho lachiwiri linachedwa kuposa loyamba. Mayi Zipi anayang'ana tchati, n'kuwerenga chamumtima mizere yonse mpaka wotsiriza, n'kuyambiranso. Thukuta linkatsika kumsana. Foni itanjenjemeranso anadzidzimuka ngati abayidwa ndi singano.

"Akuti, kwawo akudziwa kuti ndilipo?"

Kuseri kwa thabwa lija bamboyo anatsokomola.

"Muuzeni kuti ndidzanena. Ndikungofunika nthawi."

Mtsikanayo analemba momwemo. Ulendo uno yankho linabwera msanga, ndipo ataliwerenga anazengereza. Kenako anaphimba ndi chala pamwamba pamene panali nambala, n'kuwatembenuzira foniyo. Tizilembo tinali ting'onoting'ono, koma Mayi Zipi sanaphonye ngakhale kamodzi.

Uthengawo unati: Ndinabisidwa kale kamodzi, zakwana. Sindikufuna kumakumana ndi munthu kuseri kwa mashopu ngati chibwenzi chamseri. Akanena, mundiuze. Ngati sangathe, asandisakenso, sindidzawada.

Anauwerenga kawiri. Mwana wawo anali ndi pakamwa pakuthwa, ndipo pakati pa mantha onsewo anamva kanthu kena ngati kunyada.

Bodza linabwera lokha, lokonzeka kale. Ankangofunika kunena kuti lembani kuti akudziwa. Mtsikana woyeza masoyu mwina akanakana, mwina akanavomera, poti anali atanamiza kale bambo aja za mankhwala. Likanakhala bodza lachifundo, longofewetsa zinthu kuti munthu amasuke. Koma bodza la mtundu umenewo anali atangomva kumene kukoma kwake, ndipo mkamwa munali mukuwawabe.

"Mukhoza kupita kunyumba n'kukaganiza," anatero mtsikanayo mofatsa. "Shopu ino sichoka. Mukadzakonzeka mudzabwere."

Anali mawu abwino, ndipo ndi amene anawaopsa kwambiri. Mayi Zipi ankadzidziwa. Akangotuluka pachitseko chimenecho, amuna awo awagwira mkono kuti asapunthwe, awagulira zakumwa panjira, akafika kunyumba awauza kuti agone apumitse maso. Mawa lidzakhala tsiku losayenera, sabata yamawa kudzabwera alendo, ndipo zaka zidzayambiranso kuunjikana. Ankadziwanso mkwiyo wa bamboyo. Sankakalipa. Mwana wawo wamkulu atawanamiza za mayeso, bamboyo anakhala mwezi wathunthu akumupatsa moni ngati mlendo. Umenewo unali mwezi umodzi pa bodza la sabata imodzi. Mayi Zipi ankaopa, ndipo sankadziwa ngati banja lawo lingapirire.

Anachotsa felemu yachitsulo pamphumi n'kuiika bwinobwino patebulo. Anadzuka, anayenda masitepe atatu, n'kutsegula chitseko.

"Abambo, talowani."

Bamboyo analowa akumwetulira, chikwama chili pamkono. "Zatheka? Ndiye akuti magalasi ake akhala okhuthala bwanji?"

"Tsekani chitseko. Khalani pampandopo."

Anatseka, n'kukhala pampando wachikopa uja. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana mtsikana amene anaima pakona atagwira foni ndi manja awiri, ndipo kumwetulira kunayamba kuchoka.

"Amayi, apeza chiyani? Ndi matenda?"

"Maso anga ali bwino. Ndakhala ndikukunamizani, ndipo si masabata awiri okha." Sanaime, podziwa kuti akaima sayambiranso. "Musanandidziwe ndinabereka mwana wamkazi. Ndinamusiya kuchipatala ali ndi masiku awiri. Pano ali ndi zaka 26. Ndakhala ndikumusaka inu osadziwa. Lero wapezeka, ali pa foni iyo, ndipo akufunsa ngati kwathu akudziwa kuti alipo."

Bamboyo sanagwedezeke. Nkhope imene Mayi Zipi ankaidziwa ikuseka, ikugona, ikutafuna, inangouma n'kukhala ya munthu wachilendo. Anatsitsa chikwama pang'onopang'ono n'kuchiika pansi pafupi ndi phazi la mpando. Fani ya kunja ija inkamveka.

"Ndi uyu?" anafunsa, akuloza ndi chibwano.

"Ayi. Uyu ndi mnzake."

"Anyamata akudziwa?"

"Ayi."

"Ndani ankadziwa?"

"Azakhali okha."

Bamboyo anagwedeza mutu kangapo, ngati munthu amene akuwerengera mtunda umene wayenda pa msewu wolakwika. Maso awo anali atafiira. Kenako anatembenukira kwa mtsikanayo, ndipo analankhula mwaulemu wonse umene ankalankhulira ndi anthu okwera basi.

"Mwanangu, mulembereni kuti ndikudziwa. Mwana sanalakwe kanthu."

Anadzuka n'kukonza jekete. Podutsa, anapendekeka kuti phewa lawo lisakhudze la akazi awo, ngakhale malo anali ochepa.

"Abambo..."

"Zathu si za muno."

Anatuluka n'kutseka chitseko mofatsa. Mayi Zipi anatchera khutu kuti amve mpando wapulasitiki ukulira. Sunalire. M'malo mwake linalira belu la chitseko cha kumsewu, phokoso la magalimoto linalowa, kenako linatsekeka. Sanadziwe ngati bamboyo waima pakhonde kapena akupita. Akanathamanga nthawi yomweyo akanawapeza asanawoloke msewu.

Anali atagwira kale chogwirira cha chitseko pamene foni inayamba kulira m'manja mwa mtsikana uja. Sunali uthenga. Inkalira ndithu, mobwerezabwereza.

"Ndi iyeyo," anatero mtsikanayo, n'kuwatambasulira foniyo.

Mayi Zipi anayang'ana chitseko, misozi ikutsika osaipukuta. Foni inalira kachitatu, kachinayi. Anasiya chogwirira chija, analandira foniyo ndi manja onse awiri, n'kuiika kukhutu.